Mlalang'amba Sukuoneka Pachithunzi

Funso: Ndinayesa kujambula mlalang'amba wa NGC 6822, koma pachithunzi panangotuluka mdima ndi nyenyezi zochepa. Kodi ndinalakwitsa pati? — Wowerenga wa ku Dedza

Yankho: Mwasankhatu chinthu chovuta. Mlalang'amba umenewu, umene katswiri wa zakuthambo E. E. Barnard anautulukira mu 1884, uli m'gulu la nyenyezi la Sagittarius, ndipo kuwala kwake, kumene kumayenda zaka pafupifupi 1.6 miliyoni kuti kufike kuno, n'kofooka komanso komwazikana, moti n'zovuta kuti chithunzi chimodzi chiuonetse bwino.

Chofunika kwambiri ndi choikapo kamera chimene chimatembenuka pang'onopang'ono motsatira nyenyezi, chifukwa popanda chimenechi kuzungulira kwa dziko kumasandutsa nyenyezizo timizere pachithunzi. Mukachipeza, jambulani zithunzi zambiri za mphindi 2 chilichonse mpaka nthawi yonse ikwane maola osachepera 3, kenako muziphatikize pakompyuta ndi pulogalamu yaulere ya Siril kapena DeepSkyStacker. Kuphatikizako kumachepetsa timadontho tosokoneza tochokera m'kamera momwemo, ndipo mlalang'ambawo umayamba kuonekera ngati kamtambo kotuwa.

Jambulani mu June kapena July, mwezi uli kumdima, kutali ndi magetsi a m'tauni. Musadikire September, pamene utsi wa moto wa m'tchire umaphimba thambo.