Funsani Malume: kodi mawu oti testify ndi otukwanadi?

Malume, Lamulungu lapitali ku tchalitchi kwathu inali nthawi ya maumboni, ndiye mayi wina anaimirira nkunena kuti akufuna apange testify mmene Ambuye amuchiritsira BP. Titaweruka mlamu wanga, uyu amangokhalira kuwerenga zinthu pafoni, akundinong'oneza kuti mawu amenewa ndi otukwana eti, akuti anachokera ku machende, pepani kutchula, chifukwa Aroma akale akamalumbira kukhoti ankagwira kumeneko. Ndi zoona zimenezi? Chifukwatu ine mawuwa ndimawatchula pa gome pamaso pa azimayi a mvano.

Wowerenga wa ku Chinsapo, Lilongwe

Mphwanga, khazika mtima pansi, sunatukwane aliyense. Nkhani ya mlamu wakoyo ndinaimvapo kambirimbiri, imazungulira m'magulupu a WhatsApp ngati chimfine cha mu June, ndipo imafala chifukwa ndi yoseketsa komanso ili ndi kachoonadi pang'ono pomwe.

Mawuwa ndi a Chilatini. Aroma ankati testis kutanthauza mboni, nkuphatikiza ndi facere, kutanthauza kupanga, ndiye panatuluka testificari, kupereka umboni. M'Chingerezi analowa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1300, nthawi imene makhoti ndi matchalitchi a ku England ankayendera Chilatini ndi Chifalansa, paja a Norman, anthu ochokera ku France, analanda dzikolo mu 1066. Koma pokoma penipeni ndi pa testis yemweyo. Akatswiri a zinenero amati mkati mwake muli timawu tiwiri takalekale, kena kotanthauza atatu, kena kotanthauza kuima. Munthu wachitatu woima pambali. Taganiza anthu awiri akulimbirana malire a munda, wina akuti mzere unathera pa mtengo wa mango winayo akuti ayi unafika pachulu, ndiye pabwalo la amfumu nkudzuka agogo aja amene analipo tsiku lomwe ankadzala nkhadze, alibe nawo gawo mundawo koma anaona ndi maso awo. Ameneyo ndiye testis, basi.

Tsopano pomwe mlamu wako walondola ndi apa: mawu omwewo a testis Aroma ankatchuliranso ziwalo zija za abambo, nchifukwa chake mpaka lero madokotala amati testes. Kungoti iyeyo wazondotsa nkhani, tanthauzo la mboni ndiye linayamba, linalo linabwera pambuyo. Ena amati ankazitchula choncho ngati mboni zoti munthuyo ndi mwamunadi, ena amaloza kwa Agiriki omwe ankazitchula parastatai, oima pambali, poti zimakhala ziwiri moyandikana kkkk anthu akale nawonso anali ndi nthabwala zawo. Koma zoti Mroma ankagwira kumeneko polumbira pamaso pa woweruza, m'zolemba zawo mulibemo, ndipotu Aroma ankalemba za milandu yawo osati masewera.

Ine ndimaona ngati chimasokoneza anthu ndi Baibulo. Pa Genesis 24 Abrahamu akuuza wantchito wake kuti aike dzanja pansi pa ntchafu yake polumbira kuti sakamutengera Isake mkazi wa ku Kanani, pa Genesis 47 Yakobo akuchita chimodzimodzi ndi Yosefe za kokamuika maliro. Amenewo ndi Aheberi, chinenero chinanso, zaka zinanso, wina anangotenga nkhani ziwirizi nkuzisoka pamodzi.

Abale ake a testify ndi ambiri ndithu. Testament, chomwe ife timati Chipangano, protest ija timamva pakakhala mademo, contest, attest, onsewo mtundu umodzi. Koma test ya kusukulu usaiphatikizemo, iyo inachokera ku testum, kamphika kadothi komwe ankayeseramo golide ndi siliva pamoto. Witness nayenso ndi wa kwina, ndi Chingerezi chakale chenicheni, anachokera ku mawu otanthauza kudziwa.

Amene amandikhudza ine ndi martyr. M'Chigiriki martys ankangotanthauza mboni wamba, koma poti Akhristu oyambirira ankaphedwa chifukwa chokana kubweza umboni wawo, mawuwo anasanduka munthu wofera chomwe amakhulupirira. Ndiye holide ya pa 3 March ija, tikamakumbukira anthu omwe anaomberedwa mu 1959 monga aja a ku Nkhata Bay, dzina lake lija loti Martyrs' Day ukalifukula ndi tsiku la mboni.

Nanga liwu lathuli la Chichewa? Mboni anachokera ku kuona, b uja anatsalira kuchokera ku chinenero cha makolo, ndi yemwe uja ukumva m'Chizulu akamati ukubona, anzathu a ku Joni amamumva m'mawa uliwonse mu sawubona. Kwa Aroma mboni ndi amene anaima pambali, kwa ife ndi amene anaona.

Ukakumana naye mlamu wakoyo umufunse akuonetse buku la Mroma mmodzi yekha lomwe linalemba za kulumbira kumeneko, ndipo umuuze kuti Malume akudikira pa tsamba lomwe lino.