Matabwa kapena neti pa catamaran? Yankho kwa bambo a ku Salima

Bambo ena a ku Salima andilembera imelo. Agula catamaran (boti la matanga lokhala ngati mabwato awiri olumikizidwa) yakale ya mamita 6, neti yapakati yatheratu, ndiye akufunsa ngati angokhomapo matabwa kuti mayi a kunyumba ndi ana azikhala momasuka. Achimwene, funso lanuli landikhudza, chifukwa nkhani yomweyi inatiyambanitsa ndi mnzanga amene ndinkayenda naye panyanja ku Senga Bay.

Mnzangayo anapeza kalipentala waluso ndithu. Anayala mlombwa kuyambira kumbuyo mpaka kutsogolo, matabwa ogundana osasiya ndi mpata wa chala womwe, n'kupaka vanishi wonyezimira. Boti likakhala pamchenga, aliyense wodutsa ankaima n'kulisisita. Ndinamuchonderera kuti kutsogoloko asiye neti. Iye anati neti imapweteka mawondo ndiponso ana amakodwa zala, ndipo apo sankanama. Koma tsiku lina mu July, tikuchokera ku chilumba cha Namalenje, mwera unakuntha. Ndinaona ndi maso angawa funde likukwera pamatabwa paja n'kukhazikika pomwepo, kusowa potulukira. Kutsogolo kwa boti kunamira, chiwongolero chinatukuka m'madzi, mwana wake wamkazi n'kutsetsereka pavanishi wonyowa uja mpaka anakakumbatira mlongoti. Sitinagubuduke, koma tinafika kumtunda aliyense ali chete, ndipo mpaka lero ndikakumbukira nkhope ya mwanayo mtima umandiwawa.

Tawerengani nokha. Lita imodzi ya madzi ndi kilo imodzi. Funde likasiya madzi akuya masentimita 10 okha pamalo a mamita 2 uku ndi uku, amenewo ndi makilo 400, pamalo penipeni pamene boti limafuna kupepuka. Hobie 16, boti la mtundu wa catamaran limene anapanga Hobie Alter ku California, lomwe timalionanso pampikisano wa maboti a matanga panyanja yathu ino, lonse lathunthu limalemera makilo 145 kapena cha pompo. Lili ndi nsalu yokunga pakati, osati matabwa, ndipo sikuti anasowa ndalama zogulira matabwa. Mafunde a nyanja ya Malawi ndi afupiafupi, amabwera motsatizana boti lisanadzuke. Kunena mosabisa, kutseka kutsogolo kwa catamaran yaing'ono ndi matabwa ogundana n'kuika moyo wa ana pachiswe.

Wina andiuza kuti James Wharram, Mngelezi amene anawoloka Atlantic pa catamaran yodzipangira yekha m'zaka za m'ma 1950, ankayala matabwa. Eya, koma ankasiya mipata kuti madzi azidutsa. Ndiye chimandipwetekanso n'chakuti mlombwa weniweni ukutha m'nkhalango zathu, ife n'kumauwononga pantchito imene paini wopepuka angaigwire. China, musayerekeze kumangapo ukonde wa chilimira. Unapangidwira nsomba ngati utaka ndi usipa, sunapangidwire munthu wamkulu woponda ndi phazi limodzi.

Nanga muchite chiyani?

Kutsogolo kwa mlongoti, neti basi, ya polyester ya maso ang'onoang'ono kuti zala za ana zisalowe. Dzuwa ndilo limaipha, choncho muziifunditsa boti likakhala pamtunda, ndipo chingwe chomangira muzichiona kawirikawiri. Kumbuyo kumene mayi azikhala, yalani timatabwa topyapyala totalikirana ngati zala ziwiri, tomanga ndi mabawuti osachita dzimbiri, topaka penti wothira kamchenga, osati vanishi woterera.