Funsani Wosoka: Mamasiki andilanda chimwemwe cha kusoka

(Funso ili ndi yankho lake zinalembedwa pa nthawi ya m'bindikiro wa mliri wa COVID-19.)

FUNSO: Ndine mayi wa ana awiri. Kusoka si ntchito yanga, ndimangokukonda. Chiyambireni m'bindikiro wa mliri wa COVID-19, masitolo a nsalu ndi otseka, lasitiki wasowa, koma achibale ndi anansi onse akufuna ndiwasokere mamasiki. Sindikana, komatu masiku ano ndikangoona makina mtima umandilemera. Diresi lomwe ndinadula mliri usanafike likadali m'thumba. Kodi ndikulakwa kulakalaka kusoka zanga pamene anthu akudwala? — Wowerenga wathu

YANKHO: Mayi, simukulakwa ayi. Diresi lija litulutseni lero lomwe, mulisite, mulipachike poonekera.

Zimenezi zagwera osoka ambiri. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO litalengeza pa 11 Malichi 2020 kuti matendawa ndi mliri wa dziko lonse, sipanathe masabata awiri dziko la Czech Republic linalamula kuti aliyense wotuluka panja aziphimba pakamwa ndi mphuno. Mamasiki m'masitolo munalibe, ndiye anthu anafukula makina omwe anali atachita fumbi n'kuyamba kusokera anansi awo. Mu Epulo, bungwe lolimbana ndi matenda la CDC ku America nalonso linalangiza anthu kuvala zophimba za nsalu. Kuyambira pamenepo aliyense wokhala ndi makina anasanduka telala wa mtundu wonse. Ntchitoyi ndi yabwino ndipo ine ndimailemekeza. Vuto ndi lakuti chinthu chomwe munkapumulirapo chasanduka ntchito yopanda nthawi yowerukira, m'nyumba yomweyo momwe ana akuphunzirira ndipo palibe amene akutuluka. Wina aliyense angatope.

Choncho ikani malire, ndipo muwanene poyera. Sankhani chiwerengero cha mamasiki omwe mungathe pa sabata, chikakwana muziuza anthu kuti adikire sabata yamawa. Dulani nsalu zonse tsiku limodzi, kenako muzisoka mondondoza, ina ikatha n'kulowetsa inzake osadula ulusi, mudzadule pomaliza. Mukatero nthawi ndi ulusi zimapulumuka. M'mawa ukhale wa mamasiki, koma madzulo musunge ola limodzi la inu nokha, ndipo ana adziwe kuti ola limeneli ndi la amayi. Mukakhala m'nyumba masabata ambiri, masiku amafanana mpaka Lachiwiri silisiyana ndi Loweruka. Chovala chomwe chikukula pang'onopang'ono, lero kolala, mawa mkono, chimakuonetsani kuti tsiku lapitadi ndipo mwachitapo kanthu. Ine sindiona ngati zimenezi n'zapamwamba kapena zongotayitsa nthawi. Ndi zomwe zingakusungeni wamphamvu mpaka m'bindikiro utatha.

Ochepa omwe mukusokawo akhale abwino. Mu Juni 2020 WHO inalangiza kuti masiki ya nsalu ikhale yophatikiza katatu: mkati nsalu yomwa chinyezi monga ya thonje, pakati nsalu yosaluka monga polypropylene yomwe imasefa, kunja nsalu yosamwa madzi monga polyester. Nsalu yotamuka si yabwino chifukwa ikakokeka timabowo take timakula. Musanadule, iyang'anitseni ku dzuwa kapena ku babu: ngati kuwala kukudutsa mosavuta, ndiye kuti ndi yolukidwa motayana, isiyeni. Ndipo sankhani nsalu yopirira madzi otentha a madigiri 60, poti masiki imafunika kuchapidwa tsiku lililonse.

Za lasitiki musadandaule. Tengani tisheti yakale, muidule timizere mopingasa, n'kukoka kamzere kalikonse. Kamadzipinda kokha n'kukhala chingwe chofewa, chomwe chikamangidwa kumbuyo kwa mutu sichipweteka makutu ngati lasitiki. Nsalu nayo ili m'nyumba mwanu momwemo: mashiti ofunda omwe anatha pakati koma m'mphepete akadali olimba, malaya a bambo omwe anangotha kolala. Chovala chilichonse musanachisandutse chokolopera, chotsani zipi ndi mabatani.

Chomwe ndikukupemphani kwambiri ndi kusamala makina, popeza okonza nawonso ali m'bindikiro. Nsalu ya thonje imasiya tiubweya tambiri pansi pa bobini, kachitsulo kokulungapo ulusi wapansi. Muzitichotsa ndi kaburashi, osati kuuzira ndi pakamwa, chifukwa mpweya umatikankhira mkati. Makina akayamba kudumpha msoko kapena kudula ulusi, yambani mwasintha singano musanakhudze china chilichonse. Mafuta a makina akatha, dikirani mpaka muwapeze. Mafuta ophikira amamata pakapita nthawi ndipo amaumitsa makina.

Anzanu omwe munkasoka nawo musawataye. Imbiranani pa foni aliyense ali pa makina ake, muzionetsana zomwe zakanika.

Achibale ndi anansi aja, ena mwa iwo ali ndi nthawi yambiri kuposa inu. Masiki imasokeka ndi manja, singano ndi ulusi basi. Jambulani patani yanu, lembanipo miyeso yake, muwatumizire pa foni pamodzi ndi zithunzi za momwe mumapindira. Inu muzisokera okalamba, odwala ndi omwe ntchito yawo ikuwakakamiza kutuluka tsiku ndi tsiku; enawo ayese okha, ndipo akakanika akuimbireni muwalongosolere.