Kwa achimwene a ku Moatize: feteleza ayambe wadikira

Achimwene, mwati zomera zimene munagula ku Tete zikuwola pakangotha masabata awiri, madzi a mu thanki ya nsomba asanduka obiriwira, ndiye mukufunsa ngati mugule feteleza wa m'botolo. Ndalamayo isungeni kaye. Pachithunzi mwatumizacho thanki ili pawindo, ndipo Anubias mwaikwirira yonse mumchenga.

Anubias ndi chomera china chotchedwa Java fern sizikwiriridwa. Zili ndi tsinde lonenepa loyenda chopingasa, masamba amatuluka pamwamba pake, mizu pansi. Tsinde limeneli likalowa mumchenga limafewa n'kuyamba kununkha, masamba n'kumathothoka limodzilimodzi. Anubias ija izuleni lero lomwe, mudule ndi lezala ponse pomwe pafewa, chotsalacho muchimangirire pamwala ndi ulusi wosokera. Mizu idzagwira yokha mwalawo. Kuchulukitsa kwake n'komweko: tsinde likatalika mumalidula, chidutswa chilichonse chikhale ndi masamba atatu kapena anayi. Java fern ndiye savutitsa n'komwe, amaberekera ana pamasamba akale. Kamwana kakatulutsa mizu mumakathyola n'kukamangira pamwala pake. Timadontho takuda tondandalikana kunsi kwa tsamba si matenda, musalitaye. Koma zonse ziwiri zimakula mwaulesi, tsamba latsopano limatenga masabata, choncho musamazizule kuti muone ngati zagwira.

Kubiriwira kwa madziko ndi ndere, ndipo chikuidyetsa ndi dzuwa la pawindolo. Sunthani thanki ipite pamthunzi, muike babu la LED pamwamba, liziyaka maola 6 mpaka 8 patsiku basi. Kwanu kulinso nkhani ya kutentha. Mu Okutobala ndi Novembala kumapitirira madigiri 40, pomwe zomera zambiri zimafuna madzi a pakati pa 22 ndi 28. Vundukulani thanki, fani izipemerera pamwamba pa madzi, ndipo muziwonjezera omwe auma. Ife kuno ku Ulongue timalira ndi kuzizira kwa Juni ndi Julaye, inu hita yotenthetsera madzi simukuifuna.

Ngati mukufuna thanki idzaze msanga, funani Vallisneria, ya masamba ataliatali ngati udzu, yomwe imamera yokha mu nyanja ya Malawi. Iyi imadzalidwa mumchenga, koma poyera pomwe masamba amakumana ndi mizu pazioneka. Ikagwira imaponya mphukira pansi pa mchenga, ana n'kumatumphuka apa ndi apo. Mwana akakhala ndi masamba angapo mumadula kamsempha komulumikiza ndi make. Ina ndi Ceratophyllum, ilibe mizu, imangoyandama. Kachidutswa kalikonse kamaphuka, ndipo imalanda chakudya cha ndere. Kwa munthu wa madzi obiriwira ngati inu, ine ndingayambe ndi imeneyi.

Wina pagulu pano wati mungokazula zomera ku Revúbuè kapena ku Zambezi. Zimapezeka ndithu, koma kumbukirani ng'ona, komanso nkhono za m'madzi zimene zimasunga tizilombo ta likodzo. Mukatenga, zigone m'ndowa yakeyake masabata atatu, mukuchotsa nkhono ndi mazira ake, aja oterera omata kunsi kwa masamba, mutavala magolovesi. Mchenga wa kumtsinje muutsuke mpaka madzi ayere, kenako muuwiritse. Namasupuni ndiye ayi, amaphimba kuwala konse, ndipo wazunza kale asodzi a mu Shire. Zidutswa zonse za zomera zimene mukutaya muziziyanika padzuwa, zisakathere mumtsinje.

Simunanene nsomba zomwe muli nazo. Ngati ndi timwana ta pende, zomera zofewa zidzasanduka ndiwo, ndipo mchenga adzaufukula. Apo Anubias ya pamwala ndiyo ingalimbe. Ma guppy, tinsomba tating'ono ta m'thanki, alibe vuto.

Fetelezayo tsopano. Zitosi za nsomba zimakwanira zomera zimenezi. Wa kumunda, urea kapena NPK, asayandikire thanki, amapha nsomba. Chofunika ndi kusintha gawo limodzi mwa magawo atatu a madzi sabata iliyonse, ndipo a pampopi azigona m'ndowa tsiku lathunthu kuti klorini atuluke. Mukazula Anubias ija tumizani chithunzi cha tsinde, tione pomwe mungadule.