Alovera musamubzale kudimba, achemwali

Achemwali, mwafunsa ngati alovera mumubzale kudimba lanu la ku Mitundu poti madzi sasowa, komanso ngati muzimuthirira tsiku ndi tsiku monga mumachitira ndi mpiru. Chonde musatero. Chimene chimapha alovera kuno kwathu si chilala, koma madzi odikha pamizu. Dothi lamakande la m'dambo limasunga madzi, ndiye mvula ya Januwale ndi Febuluwale ikalimbikira, tsinde limawolera pansi. Mudzaona masamba afewa, achita chikasu, mukangokoka pang'ono chomera chonse n'kuzuka, kunsi kukununkha.

Pezani malo kumtunda, pakatondo pomwe madzi sachedwa kulowa pansi. Ungani mizere yokwera bwino, yotalikirana masentimita 75 ngati ya chimanga, ndipo pamzerepo muzisiya masentimita 60 pakati pa chomera ndi chinzake. Poyamba mudzaona ngati mukuwononga malo, koma pakatha chaka masamba amatambasuka n'kutseka mipata yonseyo. Mukathinanitsa, masamba amakhala aang'ono ndi opyapyala, pomwe ogula amafuna tsamba lonenepa, lolemera m'manja.

Mbewu yake ndi ana amene amaphuka m'mbali mwa chomera chachikulu. Sankhani otalika masentimita 15 mpaka 20, okhala ndi mizu yawo. Mukawazula musathamangire kubzala. Agonekeni pamthunzi tsiku limodzi kapena awiri kuti bala liume. Pobzala kwirirani mizu yokha, dothi lisalowe pamtima pomwe pamatulukira masamba atsopano. Manyowa akhale owola bwino. Ndowe zaziwisi zimawotcha mizu.

Tsono pa zothirirazo, palinso ena amene angakuuzeni kuti alovera safuna madzi n'komwe. Kufa safa, inde, koma mudzakolola chiyani? Chimene mukugulitsa ndi chonanda cha m'kati mwa tsamba, ndipo pafupifupi chonsecho ndi madzi. Akauma kwambiri, masamba amafiira, amapindika, n'kuphwa. Choncho kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa, thirirani kamodzi pa sabata, mokwanira kuti madzi afike pamizu, kenako mudikire dothi liume. Pisani chala m'dothi: ngati mukumva chinyezi, bwererani ndi kheni yanu. M'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi chepetsani ndithu, pakuti nthawi imeneyo sakula kwambiri. Mvula ikayamba, ntchito yanu ndi yotsegula ngalande basi.

Ngati thumba likulola, mapaipi odontheza madzi ndiwo abwino, chifukwa amanyowetsa pamizu pokha ndipo udzu sumera wambiri. Ngati ndi kheni, chotsani chifafa, muthire m'mbali mwa mzere, osati pamwamba pa masamba.

Ana akayamba kuchuluka muziwachotsa, chifukwa amalanda chakudya cha mayi wawo. Omwewo ndiwo mbewu yanu yokulitsira munda.

Kukolola kwenikweni kumayamba pakatha pafupifupi chaka ndi theka. Muzidula masamba atatu kapena anayi a m'munsi, ndi mpeni wakuthwa, kufupi ndi tsinde, n'kuwaimika kuti utomoni wachikasu uja utsike. Umatsegula m'mimba, ana asauseweretse.

Ine ndikanakonda muyambe ndi mizere yochepa chaka chino, uku mukufufuza wogula wodalirika m'tauni, musanadzaze munda wonse. Ndipo ngati mukukayika za dothi lanu, onanani ndi mlangizi wa zaulimi wa kwanuko akuthandizeni kukaliyezetsa kumalo ofufuzira za ulimi ku Chitedze.