Khadi la ma-core 60 ndi fani yomanga ndi malegeni

Mnyamata wina wa ku Katete wandilembera imelo kuti waona khadi la Xeon Phi (khadi la Intel lodzaza ma-processor, lolowetsa m'kompyuta) lotchipa ndipo akufuna kuikamo operating system ya FreeBSD m'malo mwa Linux. Funso lake: ayambire pati? Mphwanga, wandikhudza pachilonda.

Langa linabwera pa basi ndi msuweni wanga. Linali 5110P, ma-core 60 (ma-processor ang'onoang'ono m'chip imodzi), memori 8 GB, lolemera ngati njerwa. Ndinalinyamula kuchoka pasiteshoni mpaka ku Mchini ngati ndanyamula mwana wa mfumu. Kulilowetsa m'kompyuta, zii. Sabata yathunthu inatha ndisanadziwe kuti motherboard iyenera kukhala ndi setting ya m'BIOS yotchedwa Above 4G decoding, ndipo yanga inalibe. Ndinabwereka ina. Linayaka, patangopita mphindi zochepa n'kuzima. Khadi limeneli lilibe fani yakeyake, analipangira ma-server a m'zipinda zozizira, ndipo limadya mawati 225. Ine ndinaliyatsa mu Okutobala, m'nyumba ya malata! Ndinagula fani n'kuimangirira ndi malegeni a njinga. Amayi anagogoda kufunsa ngati ndatsegula chigayo kuchipinda.

Zimenezo zinali zamasewera. Vuto lenileni ndi lakuti khadili ndi kompyuta yopanda khomo. Lilibe disiki, lilibe sikirini, lilibe kiyibodi. Kompyuta yaikulu ndiyo imatenga kernel (mtima wa operating system), kuilemba m'memori ya khadi kudzera pa PCIe (polowetsa khadi pa motherboard), kenako n'kudzutsa core yoyamba. Kernel yako ikafa, imafa mwakachetechete. Usiku wambiri ndinkangoyang'ana khoma osadziwa ngati yafa pa mzere woyamba kapena wa 1,000.

Ndipo asakunamize kuti "ndi x86 basi", ngati processor ya kompyuta wamba. Ma-core a khadili, otchedwa Knights Corner, amene Intel inatulutsa mu 2012, anachokera ku Pentium yakale ija ya m'ma 1990, n'kuwaonjezera 64-bit ndi malamulo awoawo a vector a mabiti 512. Alibe malamulo ena a ma-processor wamba: alibe SSE, alibe CMOV, alibe IN ndi OUT. Compiler wamba (yosandutsa code yako kukhala malamulo a processor) imathira SSE ndi CMOV m'pulogalamu osakufunsa, monga mchere m'ndiwo. Ndiye usanakhudze FreeBSD, uyenera kupeza compiler ya k1om (yopangira ma-core amenewa), imene inkabwera m'mapulogalamu a Intel otchedwa MPSS.

Taganizira anyamata a njinga amene adzaza m'tauni muno. Njinga 60 zikhoza kusamutsa nshawa zambiri kuposa lole imodzi, bola aliyense akhale ndi thumba lake ndi njira yake. Koma onse akamadikira sikelo imodzi, lole idzapita ku Lusaka n'kubwerako iwo adakali pamzere. Sikelo imeneyo ndi lock ya m'kernel, loko wolola mmodzi yekha kulowa pa nthawi imodzi. Core iliyonse ili ndi ma-thread 4 (imayendetsa ntchito zinayi pamodzi), ndiye olimbirana sikeloyo ndi 240.

Pajatu pali amalume ena amene anandipeza ndikulimbana nazo nati, "Zimenezi zidzakudyetsa?" Funso limeneli limandinyansa mpaka lero. Mwana akamamasula injini ya njinga yamoto timati ali ndi mutu, koma akamamasula kernel timati akutaya nthawi. A ku yunivesite ya ETH Zurich anaika operating system yawo ya Barrelfish pa khadi lomweli, ndipo sindikhulupirira kuti mitu yawo inaumbidwa ndi dothi lina. Chimene ali nacho ndi magetsi osazima. Ine ndinkasiya kernel ikumangidwa, magetsi thi, ndiyambirenso mawa.

Komabe amalumewo sanalakwe kwenikweni, ngakhale sindinawauze. Tianhe-2 ya ku China inakhala kompyuta yothamanga kuposa zonse padziko mu 2013 chifukwa cha makhadi amenewa, koma mbiri imeneyo inatha. Intel inasiya kupanga Xeon Phi, ndipo Linux inachotsa ma-driver ake mu 5.10, chaka cha 2020. Ndi chifukwa chake likutchipa. Poyamba ndimafuna kukuuza kuti yesa. Pamene ndikulembamu mtima wasintha: usagule. Ayi ndithu, usagule.

Uchite chiyani tsono

Ika QEMU (pulogalamu yoyerekeza kompyuta) pa laputopu yako, tenga xv6, operating system yophunzirira ya ku yunivesite ya MIT ya ma-processor a RISC-V, ndi yaing'ono moti ukhoza kuiwerenga yonse. Onetsetsa mmene core yoyamba imadzutsira zinzake, ndi mmene spinlock (mtundu wa lock ija) imagwirira ntchito. Ukadzaumirirabe pa khadi, tsata ndondomeko iyi: compiler, kenako chilembo chimodzi chioneke pa kompyuta yaikulu, kenako timer ndi ma-interrupt, kenako core yachiwiri. Ma-core 58 otsalawo uwaiwale kaye.

Ine ndinafika pa chilembo chimodzi chija, patatha miyezi itatu, n'kulekera pomwepo. Khadilo lili pamwamba pa kabati m'katoni ya sopo. Ukadzabwera ku Chipata udzadutse, ndidzakubwereka, koma fani ubwere ndi yako chifukwa ija Amayi anaitenga.