Foni kutentha pa Genshin Impact

Achimwene, mwafunsa chifukwa chake gemu ya Genshin Impact ikudukiza ndi kutenthetsa foni chikhalirecho zithunzi zake zili ngati katuni. Maonekedwewo asakunamizeni. Dziko lonse la m'gemumo ndi la 3D, ndipo foni imawerengetsa mithunzi, udzu ndi madzi nthawi iliyonse mukasuntha. Lowani mu Settings, pa Graphics: FPS (chiwerengero cha zithunzi pa sekondi) ikhale 30, Render Resolution ndi Shadow Quality zitsike pa Low, Motion Blur ndi Bloom muzimitse. Ndi kutentha kwa kuno ku Mangochi mu Okutobala, chotsani kava, ndipo musasewere ili pa chaja. Ikatentha, purosesa imachepetsa yokha liwiro, ndiye kudukizako.

Kumbali ya kaseweredwe, pomenyana musakakamire munthu mmodzi mwa anthu anayi a mu timu yanu. Yambani ndi Pyro (moto), kenako mumenye mdaniyo ndi Hydro (madzi): Vaporize, yomwe imachitika moto ndi madzi zikakumana, imachulukitsa mphamvu kawiri, pomwe mukatembenuza imachulukitsa ndi 1.5 basi.